Auto kapena Manual: alamule kuwala ndani, kamera kapena wojambula?

Pamwamba pa kamera zambiri pali kagudumu kolembedwa M, A kapena Av, S kapena Tv, P, ndi kachizindikiro kobiriwira ka Auto. Kagudumu kameneka kamakanganitsa ojambula zithunzi mpaka lero. Ena amati munthu amene sajambulira pa M sanayambe kujambula, akungodina batani basi. Ena amati kuumirira pa M n'kudzizunza, chifukwa kamera imene mwaigula ndi ndalama zankhaninkhani imayeza kuwala mofulumira kuposa chala cha munthu aliyense. Onsewa ali ndi zithunzi zokongola zoti akuonetseni ngati umboni, ndiye mkanganowu suzirala.

Chimene akulimbirana n'chakuti ndani asankhe kuchuluka kwa kuwala kolowa m'kamera. Zolamulira kuwalako zilipo zitatu. Pali aperture, kabowo ka m'kati mwa lenzi kamene kamakula ndi kuchepa: f/2.8 ndi bowo lalikulu, f/16 ndi laling'ono. Pali shutter, kachitseko kamene kamatseguka kwa kamphindi, mwina 1/1000 ya sekondi, mwina masekondi angapo. Ndiye pali ISO, imene imakweza kuwala kochepa kuti chithunzi chioneke, koma ikakwera kwambiri chithunzicho chimadzaza timadontho. Pa M, kutanthauza Manual, munthu amasankha zonsezi yekha. Pa A amasankha bowo, kamera n'kusankha nthawi. Pa S amasankha nthawi, kamera n'kusankha bowo. Pa P kamera imasankha ziwiri zonsezo, ndipo pa Auto yobiriwira ija imatenganso ISO ndi fulashi yomwe.

Zikanakhala kuti zitatuzi zimangowalitsa kapena kudetsa chithunzi, nkhani ikanakhala yaing'ono. Koma f/2.8 pa 1/1000 ndi f/8 pa 1/125 zimalowetsa kuwala kofanana, n'kutulutsa zithunzi ziwiri zosiyana. Choyamba chimamuumitsa mwana wodumpha chingwe ali m'malere, za kumbuyo kwake zonse zitasungunuka. Chachiwiri chimaonetsa bwino mwanayo, anzake, ndi mtengo wa mango uli kumbuyoko, koma chingwe ndi mapazi zayamba kuzimirira chifukwa cha liwiro. Mita ya kamera, kachipangizo koyeza kuwala, imati zonse ziwiri n'zolondola. Choti mwanayo aoneke yekha kapena aoneke pakati pa anzake, mita ilibe nacho mawu.

Apa ndi pamene a Manual amayambira. Iwo amati mita ya m'kamera sidziwa chimene ikuyang'ana. Imangoyeza kuwala kumene kukubwerera kuchokera ku zinthu, n'kuyesetsa kuti zonse zikaphatikizidwa zituluke zotuwa pakatikati, mtundu wa phulusa umene ojambula amati umabweza pafupifupi 18 peresenti ya kuwala. Ikaona zoyera zambiri imayesa kuti kwawala kwambiri, n'kuchepetsa. Ikaona zakuda zambiri imayesa kuti kwada, n'kuwonjezera.

Taimani pakhomo la tchalitchi tsiku la ukwati, dzuwa lili paliwombo. Mkwatibwi wavala diresi loyera mbee, mkwati wavala suti yakuda bii, ndipo onse awiri ndi a khungu lakuda. Wojambula akayandikira kwa mkwatibwi, diresi limadzaza chithunzi. Mita imachepetsa kuwala, diresi limatuluka lotuwa, nkhope imamira mumdima mpaka kungotsala maso ndi mano. Akatembenukira kwa mkwati, suti ndiyo imadzaza. Mita imawonjezera, suti imatuwa, chipumi cha thukuta chimapsa n'kuyera, khungu n'kuoneka ngati la munthu amene sanadzole mafuta. Dzuwa silinasinthe, anthu sanasunthe, koma zithunzi ziwiri zojambulidwa motsatizana zasiyana kutalitali. Amene ali pa M amayeza kamodzi, n'kuyang'ana pa sikirini kuti nkhope ikuoneka komanso timaluwa ta pa diresi sitinafafanizike, kenako amasiya pomwepo. Kuchokera apo zithunzi zonse za pakhomopo zimafanana kawalidwe, ndipo akakhala pa kompyuta madzulo amakonza chimodzi n'kukopera makonzedwewo pa zotsala zonse.

Nkhani ya khunguyi ine imandikhudza, ndipo sindifuna kuidutsa mothamanga. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi lokhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, lodziwika ndi dzina loti Shirley card, kuti azionerapo ngati makina awo akutulutsa mitundu moyenera. Khungu loyera ndilo linali muyeso. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia ku Montreal, amene anafufuza mbiri imeneyi n'kuilemba mu 2009, anapeza kuti china chimene chinakankha Kodak kuti ikonze katulukidwe ka mitundu yoderako chinali madandaulo a opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, amene katundu wawo sankaoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi akazi a khungu losiyanasiyana linadzabwera m'ma 1990. N'zoona kuti imeneyi ndi nkhani ya filimu ndi katsukidwe, osati ya mita kwenikweni. Koma imatikumbutsa kuti chimene makina amachitenga ngati chithunzi choyenera, alipo munthu amene anakhala pansi n'kuchisankha, ndipo kwa zaka zambiri munthu ameneyo sankaganizira nkhope ngati zathu. Mu 2021, potulutsa foni ya Pixel 6, Google inachita kulengeza njira yotchedwa Real Tone yoti khungu lakuda lizituluka mmene lilili. Kulengeza kotero kunali kuvomereza kuti m'mbuyomo silinkatuluka bwino. Wojambula wa kwathu kuno amene sadziwa kuitsutsa kamera yake ikalakwitsa pa nkhope, amapereka kwa makasitomala ake zithunzi zimene eniake sadzizindikiramo.

Komanso si chithunzi chilichonse chimene chiyenera kuwala pakatikati. Roy DeCarava, wojambula wa ku Harlem mumzinda wa New York, amene mu 1952 anakhala wojambula wakuda woyamba wa ku America kulandira thandizo la bungwe la Guggenheim, ankajambula m'zipinda za anthu, m'makonde a nyumba, ndi m'malo oimbiramo jazz pogwiritsa ntchito kuwala kumene wakupeza pamalopo. Zithunzi zake zambiri n'zakuda mwadala. Munthu umayenera kuziyang'ana kwa kanthawi kuti maso azolowere, kenako nkhope, manja ndi chipenga zimatuluka pang'onopang'ono mumdimamo. Mita ikanapatsidwa ufulu ikanauwalitsa mdima umenewo, n'kuwononga chenichenicho chimene iye ankafuna. N'chimodzimodzi kunyanja usiku, asodzi a usipa atayatsa nyali zawo kutali pamadzi. Kamera ya pa Auto, makamaka foni yokhala ndi night mode, imalimbikira kuusandutsa usikuwo madzulo, thambo n'kutuwa, nyali n'kupsa. Amene akufuna kuti usiku ukhalebe usiku ayenera kuiletsa.

Dzina limene a Manual amalitchula kwambiri ndi la Ansel Adams. Cha m'ma 1940, iye ndi mnzake Fred Archer anakonza njira yotchedwa Zone System, yogawa kuwala m'magawo kuyambira 0, kuda kotheratu, mpaka X, kuyera kotheratu, gawo V likhala kutuwa kwapakatikati kuja. Cholinga chinali choti wojambula azichiona chithunzi m'mutu asanadine, n'kusankha kuti mthunzi uwu ugwere gawo ili, mtambo uwo gawo ilo. Mu November 1941, akudutsa pa galimoto pafupi ndi mudzi wa Hernandez ku New Mexico, Adams anaona mwezi utakwera pamwamba pa mudziwo, dzuwa lolowa likuwalitsa mitanda ya kumanda. Anaimika kamera yake yaikulu mothamanga, koma mita yake sanaipeze. Anakumbukira m'mutu muyeso wa kuwala kwa mwezi, n'kuwerengera kuchokera pamenepo. Anajambula kamodzi kokha. Pofuna kubwereza, dzuwa linali litachoka pa mitanda ija. Chithunzicho, Moonrise, Hernandez, New Mexico, chili m'gulu la zodziwika kwambiri padziko lonse. A Manual amati chinatheka chifukwa nzeru zinali m'mutu mwa munthu, osati m'kachipangizo kamene kanasowa.

A mbali ya Auto sakana zambiri mwa izi. Funso lawo ndi lina: kodi wojambula maso ake azikhala pati? Nthawi imene chala chikuzungulitsa kagudumu ndipo diso lili pa manambala, agogo a mkwatibwi alulutira kale, mwana wonyamula mphete wapunthwa kale n'kudzuka. Zoterozo sizibwerezedwa. Luso lalikulu la kujambula lili poona, poima pamalo oyenera, ndi podina pa kamphindi koyenera. Masamu a kuwala ndi ntchito imene makina angathe kuithandiza, ndiye bwanji osawasiyira?

Tibwererenso ku tchalitchi kuja, koma tiyambire m'kati. Mmenemo ndi moderako, wojambula waika ISO 3200, f/2.8, 1/125. Mwambo watha, akwati akutuluka, iye akuyenda chafutambuyo patsogolo pawo, kwaya ikuimba, anthu akupanikizana. Masitepe ochepa chabe, ali padzuwa, kumene kuwala kumatha kuposa kwa m'kati mwina ka 1,000. Ngati ali pa M ndipo wachedwa kusintha, chithunzi cha akwati akutuluka pakhomo, chimene banja limachifuna kwambiri, chimangotuluka choyera mbuu, ndipo palibe kompyuta imene ingabwezeretse zimene zapsa. Amene ali pa A, ISO ataisiya kuti izidzisintha yokha, kamera imamutsatira phazi ndi phazi. Mwina sichituluka ndendende mmene akanafunira, koma chilipo, ndipo ngati anajambula mu RAW, mtundu wa fayilo wolola kukonza zambiri pa kompyuta, adzachikonza. Zomwezi zimachitika pabwalo la mpira madzulo, mthunzi utadula bwalo pakati osewera n'kumalowa ndi kutuluka, kapena m'nyengo ya dzinja mitambo ikamabisa ndi kuulula dzuwa kangapo pa mphindi imodzi.

Mfundo yawo ina imalasa, ndipo a Manual saiyankha bwinobwino. Ambiri amene amanyadira kuti amajambulira pa M amangozungulitsa kagudumu mpaka kamzere ka mita kaime pa ziro, n'kudina. Kumeneko n'kuchita ndi dzanja, pang'onopang'ono, chimene kamera ikanachita yokha mwamsanga. Mita ikanamizidwa ndi diresi loyera, iwonso anamizidwa nayo limodzi. Chilembo M pachokha sichimupatsa munthu ulamuliro. Ulamuliro umayamba pamene wakana zimene mita yanena, ndipo kukanako kungathekenso pa A kapena pa S. Pali batani la + ndi -, lotchedwa exposure compensation, limene limauza kamera kuti iwonjezere kapena ichepetse pa zimene yayeza. Palinso la AE-L, lokhoma muyeso kuti usasinthe mukasuntha kamera. Munthu amene waika A, wasankha f/2.8 chifukwa akufuna kumbuyo kusungunuke, n'kutsitsa -1 kuti mthunzi uzame, wasankha zonse zimene zimapanga maonekedwe a chithunzi. Chimene waisiyira kamera ndi kuwerengera kokha.

Mbiri ya kamera nayo ili kumbali yawo. Kodak inatulutsa Super Six-20 mu 1938, kamera yoyamba yodziyezera yokha kuwala, koma inali yodula ndipo inagulidwa pang'ono. Mu 1976 munatuluka kamera ziwiri zimene zimauonetsa bwino mkanganowu: Canon AE-1, yokhala ndi kakompyuta m'kati kosankha bowo, imene inagulidwa ndi anthu mamiliyoni n'kulowetsa anthu wamba ambiri m'kujambula; ndi Pentax K1000, yopanda Auto iliyonse, imene aphunzitsi a kujambula anaikonda mpaka inasiya kupangidwa mu 1997. Mu 1980 Nikon inaika A pa F3, kamera yake ya akatswiri. Ena anang'ung'udza kuti kamera yodalira batire njosadalirika, koma inapangidwa kwa zaka pafupifupi 20 ndipo atolankhani anaigwiritsa ntchito padziko lonse. Mu 1983 Nikon FA inabwera ndi mita yogawa chithunzi m'zigawo n'kuziyerekeza, kuti thambo lowala lisainamize mosavuta. Kamera za lero zimazindikira nkhope n'kuiganizira poyeza, ndipo za mtundu wa mirrorless zimakuonetsani kawalidwe ka chithunzi musanadine. Mita imene a Manual amainyoza ndi ya zaka zapitazo. Ya lero imalakwitsabe, koma osati kawirikawiri ngati kale.

Za Adams, a mbali ya Auto amati: phiri silithawa, ndipo ngakhale filimu ya Moonrise ija inali yovuta, moti anachita kuilimbitsa ndi mankhwala patapita zaka, n'kumadetsa thambo potsuka kuti chithunzi chifike pamene tikuchidziwa lero. Nkhawa yawo yomaliza ndi ya anthu. Wachinyamata wabwereka kamera ya amalume ake, wajambula chithunzi chogwira mtima, ndiye funso loyamba limene akumufunsa n'lakuti anajambulira pa chilembo chiti. Akati P, amamuseka. Ambiri amagwa ulesi pamenepo. Pa ichi ndikugwirizana nawo ndi mtima wonse: chithunzi chiweruzidwe ndi zimene chikuonetsa, ndipo kunyoza wophunzira chifukwa cha kagudumu n'kulakwa.

Komabe a Manual ali ndi yankho pa nkhani ya liwiro. Henri Cartier-Bresson, amene amadziwika ndi kugwira kamphindi kosabwerezeka m'misewu, ankagwiritsa ntchito Leica yopanda Auto. Sankachedwa, chifukwa ankakonzeratu kamera asanaone choti ajambule. Ojambula akale ankadziwa lamulo losavuta lotchedwa Sunny 16: padzuwa lowala, ikani f/16, ndipo nambala ya shutter ifanane ndi ya ISO, monga 1/100 kapena 1/125 pa ISO 100, kukachita mitambo tsegulani bowo, mukalowa mumthunzi tsegulaninso. Amene walizolowera amasintha akuyenda, osayang'ana n'komwe.

Ndiye taganizirani nkhwazi ikunyamuka pamtengo m'mbali mwa nyanja. Ikuyenda mothamanga, ndiye munthu angaganize kuti pano m'pofunika Auto. Koma ikamauluka, kumbuyo kwake kumasintha: poyamba mitengo yakuda, kenako madzi onyezimira, kenako thambo loyera. Mita imadumphadumpha motsatira zakumbuyozo, pomwe dzuwa limene likuomba pa mbalameyo ndi lomwelo. Pa A, mutu wake woyera umapsa ikakhala pa mitengo, ndipo mapiko amada bii ikafika pa thambo. Pa M, mutayeza kamodzi n'kuika 1/2000, mbalame imatuluka bwino ulendo wonsewo.

Chitsanzo chimenechi ndicho chimandiuza pamene pagona nkhani. Chofunika kufunsa si chakuti chinthu chikuthamanga kapena chaima, kapena kuti wojambula ndi katswiri kapena wophunzira. Chofunika n'chakuti chikusintha n'chiyani. Ngati kuwala kuli chimodzimodzi koma zimene zikudzaza chithunzi zikusinthasintha, monga diresi ndi suti, mitengo ndi thambo, M ndiyo yoyenera, chifukwa mita ingonamizidwa. Ngati kuwala kwenikweniko ndiko kukusintha, monga potuluka m'tchalitchi kapena mitambo ikamadutsa, A kapena S ndiyo yoyenera, chala chili pa batani la + ndi -. Palinso zina zimene Auto siyesa n'komwe: nyenyezi za usiku wopanda mwezi, zofuna masekondi 20 pa f/2.8 kamera itaikidwa pa tripod. Fulashi za mu studio. Zithunzi zingapo zoti zidzalumikizidwe kukhala chimodzi chachitali, zimene ziyenera kufanana kawalidwe.

Auto yobiriwira ija yokha ndiyo sindingaiikire kumbuyo pa kujambula kwa luso. Pa kamera zambiri imatseka ngakhale batani la + ndi -, imayatsa fulashi pamene simunaifune, ndipo imasankha yokha choti chioneke bwino. Njabwino pomupatsira mlendo kamera kuti akujambuleni, koma sikusiyirani pokanira. Ndipo ngakhale ndikukana zonyoza ophunzira, ndimakhulupirira kuti aliyense wofuna kuzama ayenera kukhala nyengo ndithu pa M, n'kuwononga zithunzi zambiri, mpaka atamva m'zala kuti kuchoka pa f/4 kupita pa f/5.6 n'kudula kuwala pakati. Akatero n'kubwerera pa A, amadziwiratu pamene mita ilakwitse isanalakwitse. Amene sanadutsemo amangoona kuti chithunzi chada, osadziwa choti agwire.

Ambiri a ife timajambula ndi foni, ndipo nkhaniyi imatikhudzanso. Foni imajambula zithunzi zingapo nthawi imodzi n'kuziphatikiza, ndiye imasankha zambiri kuposa kamera iliyonse ya kale. Komabe malo okanira alipo. Dinani pa nkhope ya munthu pa sikirini kuti foni iyeze pamenepo, osati pa khoma loyera limene lili kumbuyo. Pa foni zambiri pamatuluka kachizindikiro ka dzuwa kamene mungakokere m'mwamba kapena pansi, ndipo mukadina osachotsa chala muyesowo umakhomeka. Dzuwa likamalowa ndipo mukufuna kuti bwato ndi msodzi zikhale zakuda pa thambo lofiira, kokerani pansi.

Kamera zambiri za lero zasokonezanso malire a mbali ziwirizi. Mungathe kuika M, n'kusankha nokha bowo ndi nthawi, koma ISO n'kuisiya pa Auto, ndipo ojambula mpira ndi mbalame ambiri amachita zimenezi kuwala kukamasintha. Ku holo, nthawi ya perekaniperekani, ojambula ozolowera amachitanso kusakaniza kwina. Kamera amaiika pa M, mwina 1/60, f/4, ISO 1600, kuti nyali za m'holo ndi nsalu zokongoletsera zizioneka chimodzimodzi pa chithunzi chilichonse. Fulashi yokha ndiyo amaisiya pa TTL kuti izidziyezera, chifukwa ovina amabwera pafupi n'kubwerera, ndalama zili m'manja, ndipo palibe angasinthe mphamvu ya fulashi ndi chala pa liwiro limenelo. Azakhali a mkwatibwi akabwera atavala zoyera, amakweza fulashi pang'ono; ankhoswe akabwera ndi suti yakuda, amaitsitsa.